Mafunso ndi mayankho: maphunziro apamwamba a zaumulungu ndi maitanidwe a utumiki, kwa ife a Kum'mawa

Mafunso awa ndakhala ndikufunsidwa kwa zaka zambiri, ena pakhonde la tchalitchi mapemphero atatha, ena pa misonkhano ya achinyamata, ndipo ambiri amabwera pa WhatsApp usiku anthu atagona. Ine ndine m'busa wa mpingo wa Reformed kuno ku Chipata, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, ndipo ndinachita masitazi ndikutumikira mpingo wa kumudzi. Ofunsa ndi a mipingo yosiyanasiyana, choncho ndayesetsa kuyankha aliyense molingana ndi khomo limene adzalowere.

Kodi maphunziro apamwamba a zaumulungu ndi maphunziro ati?

Ndi amene munthu amachita atatenga kale digiri yoyamba: masitazi, kenako udokotala. Masitazi nthawi zambiri imatenga zaka ziwiri, udokotala zaka zitatu kapena kupitirira.

Pa digiri yoyamba mumalawa ndiwo zonse: Chipangano Chakale, Chipangano Chatsopano, mbiri ya mpingo, ziphunzitso za chikhulupiriro, kalalikidwe, ubusa. Pa masitazi mumasankha mphika umodzi n'kuukhalira pansi, ndipo pamapeto mumalemba kafukufuku wanuwanu. Mayina ake amasokoneza anthu. Master of Theology ndi ya munthu amene anaphunzira kale zaumulungu ndipo akufuna kuzama. Master of Divinity, komwe imapezeka, ndi ya munthu amene digiri yake yoyamba ndi ya zina, koma akukonzekera utumiki. Masitazi ya Religious Studies imayang'ana zipembedzo zonse, Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo, ndipo sikonzekeretsa munthu kuima pa guwa.

Ndikatenga digiriyo, ndiye kuti ndakhala m'busa kapena wansembe?

Ayi. Funso ili ndi limene ndimafuna aliyense alimvetse asanagulitse ngakhale mbuzi imodzi. Yunivesite imapereka digiri. Mpingo ndi umene umadzoza. Awa ndi makomo awiri, ndipo kiyi wa khomo lina satsegula linzake.

M'mipingo ya sinodi, monga Reformed Church in Zambia, CCAP ndi UCZ (United Church of Zambia), ulendo umayambira pa mpingo wanu womwewo. Abusa ndi akulu a mpingo amene amakudziwani, amene anakuonani pa maliro, pa kwaya, pa kalasi, ndi amene amachitira umboni. Dzina lanu limakwera ku presibitale, kenako ku sinodi, mumafunsidwa mafunso, ndipo mpingo ukakhutira ndi umene umakutumizani kusukulu. Mukamaliza mumayesedwanso pa ntchito musanadzozedwe. Ku Anglican ndi ku Katolika mawu omaliza ali ndi bishopu. Mipingo ya Pentekosite ili ndi njira zake, ina yokhwima kwambiri, ina yofewa, koma nayonso imafuna kumudziwa munthu isanamusanjike manja.

Ndikukumbukira mnyamata wina wa kwathu, wanzeru ndi wokonda Mulungu, amene anapita yekha kukaphunzira osauza abusa ake. Bambo ake anagulitsa ng'ombe ziwiri zapagoli. Atabwerako ndi pepala lake, anakagogoda ku ofesi ya mpingo wake akuyembekeza kupatsidwa mpingo woti aziweta. Anamulandira bwino, koma anamuuza kuti ayambire pansi ngati wina aliyense, chifukwa mpingo sunamutume ndipo sukulu imene anapitako sinkaphunzitsa chiphunzitso chawo. Anakhala pakhonde panga madzulo amenewo, envulopu ya satifiketi ili pamiyendo, osalankhula. Safunsa anadya phula. Ndimawawidwa mtima mpaka lero chifukwa ulendo umodzi wokha wa kwa abusa ake ukanamupulumutsa zaka.

Choncho ngati mtima wanu uli pa utumiki wodzozedwa, yambani ndi mpingo, sukulu ibwere pambuyo. Ngati mukufuna kuphunzira chabe kuti mudziwe, kapena kuti muziphunzitsa, khomo la yunivesite ndi lotseguka kwa aliyense wokwaniritsa zofunika.

Nanga ndikaphunzire kuti? Kuno Kum'mawa kulipo?

Chigawo chathu ndi chimene chinabala zambiri za maphunzirowa, ngakhale masukulu akuluakulu anasamukira kutali. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, n'kutsegula Madzimoyo mu 1903. Sukulu ya abusa inayambira ku Madzimoyo komweko mu 1951, pambuyo pake inasamukira ku Lusaka, ndipo lero ndi Justo Mwale University ku Chamba Valley. Dzinalo ndi la m'busa woyamba wa dziko lino mu mpingo umenewu, amene anadzozedwa mu 1929. Kumeneko kumaphunzira a Reformed, a CCAP ndi a mipingo ina, ena ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, ndipo masitazi iliko.

A CCAP ali ndi koleji yawo ku Chasefu, kumpoto kwa Lundazi, yophunzitsa abusa. A UCZ amapita ku Mindolo, ku Kitwe, komwenso kuli seminale ya Anglican ya St John's. Ku Ndola kuli Evangelical University, imene akale amaidziwa kuti TCCA. A Pentecostal Assemblies of God ali ndi Trans-Africa ku Kitwe, a Baptist ali ndi seminale ku Lusaka, ndipo a Seventh-day Adventist ali ndi Rusangu University pafupi ndi Monze. Abusa awo ambiri ofuna masitazi amapitirira ku Adventist University of Africa ku Kenya. Wofuna Religious Studies ayang'ane ku UNZA.

Musaiwale kuti Lilongwe tili nayo pafupi kuposa Lusaka. Ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, pamene ku Lilongwe, mukangodutsa pa Mwami, ndi ulendo wa maola ochepa. Ku Malawi komweko, kupitirira Lilongwe, University of Malawi ku Zomba ndi Mzuzu University zili ndi madipatimenti a zaumulungu ndi zipembedzo amene afufuza kwambiri za Achewa, Angoni ndi Atumbuka. Kummwera, ku South Africa, aphunzitsi athu ambiri anatenga madigiri awo apamwamba ku Free State, Stellenbosch, Pretoria ndi UNISA. Musanasankhe iliyonse mwa zimenezi, werengani yankho la kuvomerezeka kwa sukulu m'munsimu.

Ndine Mkatolika ndipo ndikumva kuitanidwa ku unsembe. Kodi ndilembere ku yunivesite?

Ayi, kaonaneni ndi bambo mfumu a parishi yanu, ndipo iwo adzakulumikizani ndi wansembe woyang'anira za maitanidwe mu dayosizi ya Chipata. Anyamata ena amadzera ku seminale yaing'ono ya St Mary's ku Msupadzi, koma amene anaphunzira sekondale wamba nawonso amalandiridwa. Njira ya ansembe a dayosizi imadutsa ku Emmaus ku Lusaka kukakonza moyo wauzimu, kenako ku Mpima pafupi ndi Kabwe kukaphunzira filosofi, n'kumalizira ku St Dominic's ku Lusaka pa zaumulungu. Malamulo a Mpingo amafuna zaka zosachepera 6 za filosofi ndi zaumulungu pamodzi, ndipo munthu sadzozedwa unsembe asanakwanitse zaka 25. Mukaphatikiza chaka chokonzekera ndi nthawi yogwira ntchito pa parishi, ulendowu ndi wautali ndithu.

Maphunziro apamwamba amabwera munthu atadzozedwa kale, ndipo amatuma ndi bishopu kapena mkulu wa chipani, kutanthauza gulu la ansembe, abulaza kapena masisitere a malumbiro. Madigiri a Mpingo ali ndi mayina awo: pambuyo pa digiri yoyamba pamabwera layisensieti, ya zaka ziwiri, kenako udokotala. Ambiri amakaphunzira ku Catholic University of Eastern Africa, ku Hekima kapena ku Tangaza ku Nairobi, ena ku Urbaniana ndi ku Gregorian ku Rome.

Atsikana ofuna usisitere ndi anyamata ofuna ubulaza amalembera ku chipani chimene achikonda. Amayamba akhala nawo kwa kanthawi, n'kulowa unovisi, nthawi yoyesedwa ndi kuphunzira moyo wa chipanicho, wosachepera miyezi 12, kenako malumbiro a kanthawi, ndipo malumbiro a moyo wonse amadza patapita zaka. Kusukulu amatumizidwa malinga ndi ntchito ya chipanicho: uphunzitsi, unamwino, katekisimu, kapena zaumulungu zenizenizo.

Pamafunika chiyani kuti andilandire pa masitazi? Ine ndili ndi dipuloma yokha.

Pamafunika digiri yoyamba yochokera ku sukulu yovomerezeka, yokhoza bwino, pamodzi ndi satifiketi ya Giredi 12 yokhala ndi makirediti asanu, Chingerezi chili momwemo. Apa ndi pamene abusa ambiri achikulire amapunthwa. Atumikira zaka 20, amalalika mpaka anthu kulira, koma satifiketi ya sekondale ili ndi mpata. Mankhwala ake ndi kulembanso mayeso a GCE, ndipo palibe chamanyazi. Ndawaonapo abusa a imvi atakhala pa desiki limodzi ndi ana a kwaya yawo, ndipo ndinawapatsa ulemu waukulu.

Wa dipuloma ayambe wakweza kufika pa digiri. Masukulu ena amachotsako maphunziro amene munachita kale, choncho pitani ndi ndondomeko ya magiredi anu onse. Amene digiri yake ndi ya uphunzitsi, zaulimi kapena zamalonda angapemphedwe kuchita kaye chaka cholumikizira.

Ndingadziwe bwanji kuti sukulu ndi yovomerezeka?

M'dziko muno mayunivesite ndi makoleji amalembetsedwa ndi Higher Education Authority, ndipo mndandanda wake uli pa intaneti. Musakhutire ndi dzina la sukulu lokha. Funsaninso ngati pulogalamu imene mukufunayo inavomerezedwa. Pepala lochokera kunja, kaya ku Malawi, ku South Africa kapena ku America, limakapimidwa ku ZAQA, bungwe la boma loona za mapepala a maphunziro, ndipo ndi bwino kufunsa musanalipire osati mutamaliza. Palinso bungwe la ACTEA limene limayendera masukulu a zaumulungu a mipingo ya chievangeliko mu Africa. Chidindo chake ndi umboni wabwino, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha boma.

Ndinene mosabisa za udokotala wogula. Kumabwera anthu, n'kuchita lendi holo ya pa loji, kuphunzitsa Lachisanu ndi Loweruka, Lamlungu gauni ndi chipewa, Lolemba munthu ndi "Dokotala". Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lotere silikulowetsani pa yunivesite iliyonse yoona, ndipo ndalama zimene zapita kumeneko nthawi zambiri ndi za amayi ogulitsa tomato amene anasonkha chifukwa chokonda abusa awo. Udokotala waulemu ulipo, umaperekedwa ndi yunivesite yeniyeni kwa munthu amene wagwira ntchito yooneka, ndipo salipira.

Ndalama zake zichokera kuti?

Fizi imasintha chaka ndi chaka, choncho itanitsani pepala la chaka chimenecho ku sukulu komweko. Chimene anthu amaiwala ndi zapambali: basi yopita ndi kubwera, malo ogona, chakudya, mabandulo a intaneti, laputopu, kusindikiza, ndi maulendo a kafukufuku. Kwa ine zapambalizi zinatsala pang'ono kufanana ndi fizi.

Ngongole za boma za HELSB zinakonzedwa makamaka kwa ophunzira a digiri yoyamba, ndipo mabasale a CDF ndi a ana a sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja. Wa masitazi ya zaumulungu asadalire kumeneko. Amene watumidwa ndi mpingo amathandizidwa ndi sinodi, dayosizi kapena mipingo ya kunja imene ili paubale ndi wake. Pa udokotala pali mabungwe monga Langham amene amathandiza, koma amafuna kalata ya mpingo kapena sukulu yolonjeza kuti mukamaliza mudzabwerera kudzaphunzitsa. Apanso mukuona chifukwa chake ndinati yambani ndi mpingo.

Ambiri a ife tinalipira ndi soya, mtedza, mpendadzuwa ndi chilimba. Khalani pansi ndi amayi a kunyumba, kapena abambo a kunyumba ngati wophunzirayo ndinu amayi, muwerengere limodzi, chifukwa fizi yanu idzapikisana ndi ya ana ndi thumba la feteleza.

Kodi ndingaphunzire ndili pa mpingo, osasiya ntchito?

N'zotheka, ndipo ambiri amatero. Masukulu angapo amaitana ophunzira kwa milungu yochepa pa chaka, ntchito yotsala mumachitira kunyumba. Koma walira mvula walira matope. Ine ndinali ndi nthambi zingapo zoyendera pa njinga yamoto. Netiweki inkagwira pachulu china kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndinkakwera pamenepo ndi laputopu madzulo kuti nditumize ntchito. Sabata imene ndinkafunika kupereka mutu wachitatu wa kafukufuku kunagwa maliro atatu, ndipo m'busa sangauze anamfedwa kuti dikirani ndimalize kulemba. Ndinalemba usiku ndi nyali ya sola, m'mawa n'kukwera basi ya mbandakucha, kuwerenga mpaka pa mlatho wa Luangwa pamene tulo tinandigonjetsa.

Chimene chinandipulumutsa ndi akulu a mpingo. Ndinawafotokozera poyera pa bwalo lawo, tinagawana maulaliki ndi maulendo a odwala, ndipo masiku awiri pa sabata ankanditchinjiriza. Mukawabisira adzaganiza kuti mwayamba ulesi kapena mukusaka ntchito ina.

Chigiriki ndi Chiheberi n'zokakamiza?

Ngati mukuzama pa Chipangano Chatsopano, Chigiriki sichithawika. Pa Chakale, Chiheberi. Pa mbiri ya mpingo, ubusa kapena za mishoni, masukulu ambiri sakakamiza. Musaziope. Ife amene tinakula ndi Chichewa, Chinsenga, Chitumbuka ndi Chingerezi m'kamwa mmodzi tili kale ndi khutu la zilankhulo. Ndipo phindu lake limaoneka msanga: mukatsegula Buku Lopatulika la 1922 mupeza "Yehova", mukatsegula Buku Loyera la 1998 mupeza "Chauta", ndipo tsiku lina wachinyamata adzakufunsani chifukwa chake. Wodziwa Chiheberi amayankha kuchokera pa gwero.

Kafukufuku wanga ndilembe za chiyani?

Apa ndimapempha ndi mtima wonse: lembani za kwanu. Ophunzira ambiri amafika ndi mitu ikuluikulu ya mikangano ya ku Ulaya imene anthu mazana analemba kale, pamene nkhani zimene sizinalembedwe zili pakhomo pawo.

Taonani zimene tili nazo. Mkhristu wa ku Katete amene mfumu yake ikupita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kumene Gule Wamkulu amavina pamaso pa Kalonga Gawa Undi, amayenda bwanji pakati pa mpingo ndi mudzi? Mipingo yakhala ikuyankha mosiyana, ndipo mayankhowo asintha m'kupita kwa zaka. Nc'wala ya ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi mwambo wa zipatso zoyamba. Ikufanana pati ndipo ikusiyana pati ndi masika a m'tchalitchi, kapena ndi zipatso zoundukula za m'Chipangano Chakale? Chinamwali cha mpingo chimene alangizi amaphunzitsa chinatenga chiyani kwa anamkungwi, n'kusiya chiyani? Nanga maukwati a ana aang'ono, kulanda chuma cha amasiye, milandu ya ufiti imene imagwera agogo okalamba, aneneri ndi mafuta odzozera, kugawanika kwa mpingo wa Reformed mu 2001 kumene kunabala mpingo wa BIGOCA (Bible Gospel Church in Africa)? Nanga mawu akuti Zambia ndi dziko lachikhristu, amene Pulezidenti Chiluba analengeza mu Disembala 1991, amatanthauza chiyani kwa Msilamu wa ku Chipata amene timagula naye pa shopu imodzi?

Mbiri nayo ikudikira. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican amene anagwira ntchito ku Msoro n'kumwalira komweko mu 1913, ndi Kadinala Medardo Mazombwe, amene anali bishopu wa Chipata kuyambira 1971 mpaka 1996, mayina awo amadziwika. Koma alaliki, akatekisiti ndi amayi a Chigwirizano amene anayenda pansi kudzala mipingo ya m'midzi sanalembedwe, ndipo amene akuwakumbukira akutha. Zolembedwa zakale mungazipeze ku National Archives ndi ku FENZA (Faith and Encounter Centre Zambia, malo a Akatolika osungira mabuku ndi zolembedwa) ku Lusaka, koma zambiri zili m'mitu ya anthu ndi m'mabuku a ubatizo odyedwa ndi chiswe m'makabati a mavesitile.

Mutuwo ukhale wopapatiza: mpingo umodzi, dera limodzi, funso limodzi. Ndipo popita kukafunsa anthu, tengani chilolezo cha sukulu, mukaonekere kwa amfumu, mufotokoze chimene mudzachite ndi mawu awo. Tsiku langa loyamba ndinafika kwa agogo ena ndi pepala la mafunso 30. Anandiyang'ana, nati, "Abusa, mwabwera kudzacheza kapena kudzalemba kalembera?" Ndinapinda pepalalo, tinakhala pamphasa tikusenda mtedza, ndipo zimene anandiuza dzuwa likupendeka ndi zimene zinakhala mtima wa kafukufuku wanga.

Ndine mayi. Kodi maphunzirowa ndi anganso?

Ndi anu, amayi. Yunivesite sisankha. Za kudzozedwa zimatengera mpingo, monga ndafotokozera pa funso lachiwiri: UCZ, Reformed ndi CCAP ya kuno zili ndi abusa aakazi, pamene Katolika ndi mipingo ina sadzoza amayi, ngakhale masisitere ndi amayi wamba amaphunzira mpaka udokotala n'kumaphunzitsa. Kuyambira 1989 pali bungwe la Circle of Concerned African Women Theologians, limene linayambitsidwa ndi Mercy Amba Oduyoye wa ku Ghana, lolimbikitsa amayi kufufuza ndi kulemba. Pali nkhani zina, monga za chinamwali ndi za m'banja, zimene amayi anzanu sadzauza mwamuna wofufuza ngakhale atavala kolala.

Anthu amati maphunziro amapha mzimu. Kodi sindidzataya chikhulupiriro?

Mantha amenewa sindiwapeputsa. Mudzakumana ndi mafunso amene simunawamvepo: ndani analemba buku lakuti, chifukwa chiyani Mauthenga Abwino anayi amasiyana pofotokoza chinthu chimodzi, amishoni analakwitsa pati. Miyezi ina mudzagona ndi mutu wolemera. Ine zinandichitikira, ndipo chimene chinandigwira dzanja ndi kusasiya kupemphera ndi anthu wamba, ndi kukhala ndi m'busa wachikulire amene ndinkamuuza zonse.

Choopsa chenicheni chimene ndaona si kutaya chikhulupiriro koma kutaya chilankhulo. Munthu amabwerako akulalika ngati akuwerenga pepala la pa semina, mawu a Chingerezi mbwee, agogo a kutsogolo akungogwedeza mutu mwaulemu. Muziyesa chonchi: chimene mwaphunzira sabata ino, kachifotokozereni amayi a Chigwirizano kapena a mphakati m'Chichewa chosasakaniza. Chikakanika kutuluka, bwererani ku mabuku, simunachimvetse.

Ndikamaliza ndidzagwira ntchito yanji? Malipiro adzakwera?

M'mipingo yambiri masitazi sisintha kwenikweni thandizo la m'busa, ndipo mungabwezedwe ku mpingo wa kumudzi womwewo. Makomo amene imatsegula ndi kuphunzitsa m'makoleji a abusa, kulemba mabuku a Sande sukulu ndi a makalasi, kumasulira Baibulo monga ntchito imene yachitika m'Chinsenga, kugwira m'mabungwe a mipingo monga CCZ, EFZ ndi ZCCB, ndi uchapulini m'zipatala, m'ndende ndi kwa asilikali, umene umafuna munthu wodzozedwa wokhala ndi kalata ya mpingo wake. Kuphunzitsa R.E. ku sekondale kumafuna pepala la uphunzitsi ndi kulembetsa ku Teaching Council of Zambia. Digiri ya zaumulungu payokha sikwanira. Wofuna kukhazikika pa yunivesite adzafunika udokotala.

Ndatsimikiza mtima. Ndiyambe ndi chiyani mwezi uno?

Kaonaneni ndi abusa kapena bambo mfumu anu, mupemphe kalata. Lemberani sukulu ziwiri kapena zitatu, osati imodzi, mufunse tsiku lotsekera mafomu ndi ngati ali ndi mphunzitsi woti adzayang'anire mutu umene mukuuganizira. Itanitsani ndondomeko ya magiredi ku sukulu yanu yakale msanga, chifukwa imachedwa kutuluka, ndipo satifiketi ya Giredi 12 ikatsimikizidwe ku Examinations Council of Zambia. Yambani kuwerenga ola limodzi tsiku lililonse kuti mutu uzolowere, ndipo ngati kutayipa kumakuvutani, mwana wa kwaya akuphunzitseni panopa.

Yang'ananinso mayina. Ambiri a ife tili ndi dzina la ubatizo pa pepala lina, la kumudzi pa lina, ndipo kalembedwe ka "ch" ndi "c" kamasiyana pakati pa NRC ndi satifiketi. Zikasiyana, kalumbireni afidaviti musanatumize mafomu.